Adona anga Achiyuda andipepesa Yom Kippur isanafike, ndithandizeni kumvetsa

Anaphiri, Johannesburg
Moni nonse pa gulu. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, amene mumawadziwa Malemba mundithandize. Ndatha zaka 6 ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la Chiyuda kuno ku Glenhazel. Dzulo madzulo ndikupukuta mbale, adona analowa kukhitchini, foni n'kuyiika pa tebulo, n'kuima pafupi ndi sinki. Anati, "Mu Juni ndinakukalipira pamaso pa ana chifukwa cha ndolo zanga, ndipo mumtima ndinati waba ndiwe. Ndinazipeza patapita masiku awiri m'thumba la jekete langa, koma sindinakuuze chifukwa cha manyazi. Ndinakulakwira. Undikhululukire." Kenako anandipatsa envelopu, muli ndalama za masiku awiri omwe ndinagwira nthawi ya Pasika wawo koma sanalowe m'malipiro. Ine kukamwa kunangouma gwa. Ndinati zikomo, ndamva. Iwo sanachoke, anafunsanso kuti, "Koma wandikhululukira?" Akuti sabata yamawa ndi Yom Kippur ndipo sangakaime kusunagoge nkhani yanga ili pakhosi. Zimenezi n'zotani? Si Mulungu amene amakhululuka machimo?

Anabanda, Chipata
Achemwali, ndawerenga kawiri. Bwana kupepesa wantchito, kutchula n'chomwe analakwa chenicheni? Ine sindinazionepo.

Aphunzitsi, Zomba
Anaphiri, zimene achita adona anuwo si zamumtima mwawo zokha, ndi lamulo la chipembedzo chawo. Yom Kippur ndi lija Tsiku la Chitetezo la pa Levitiko 16 ndi 23, tsiku la 10 la mwezi womwe iwo amautcha Tishrei, umene umagwa cha mu Seputembala kapena Okutobala. M'buku lawo la malamulo lotchedwa Mishnah, lomwe linasonkhanitsidwa cha m'chaka cha 200, chakumapeto kwa gawo la Yoma kuli chiphunzitso ichi: machimo a pakati pa munthu ndi Mulungu, Yom Kippur imawafafaniza, koma machimo a pakati pa munthu ndi mnzake siyiwafafaniza mpaka wolakwayo atapita kukamusangalatsa mnzakeyo. Rabi Elazar ben Azariah anachitenga pa Levitiko 16:30, pomwe akuti mudzayeretsedwa ku machimo anu onse pamaso pa Yehova. Iye anawerenga kuti machimo amene tsikulo limatsuka ndi aja a pamaso pa Yehova. A pamaso pa Anaphiri, mwini wake ndi Anaphiri. Mulungu sakhululuka ngongole ya mwini wake mwiniwakeyo ali moyo, akupukuta mbale kukhitchini. N'chifukwa chake anaima kudikira yankho lanu.

Abambo a Tadala, Lilongwe
Aphunzitsi, ndamva, koma ine pali pomwe sipakundikhutiritsa. Mayiyo anadziwa mu Juni kuti mlongo wathuyu sanabe. Wakhala chete miyezi itatu, Anaphiri akuyenda ndi dzina la wakuba m'nyumbamo, kudikira kalendala. Kulapa koyendera kalendala n'kulapa?

Anaphiri, Johannesburg
Abambo, pamenepo mwandikhudza. Miyezi itatu imeneyo ndinkachita kutsegula chikwama changa pa geti ndisanatuluke, popanda wondiuza, kuti aone okha kuti mulibe kanthu.

Aphunzitsi, Zomba
Pamenepo sindingawaikire kumbuyo, ndipo arabi, aphunzitsi a chipembedzo chawo, nawonso sangawaikire kumbuyo. Rabi Eliezer ankaphunzitsa kuti lapa kutatsala tsiku limodzi kuti ufe. Ophunzira ake atamufunsa ngati munthu amadziwa tsiku lake lakufa, iye anati n'chifukwa chake ulape lero, mwina mawa ndi lomwelo. Ndiye kuchedwa kwa adonawo ndi kulakwa kwina kowonjezera pa koyamba. Koma abambo a Tadala, tiyeni tinene zoona ngati akuluakulu. Ndi angati mwa ife tili ndi nkhani ya zaka 10 yomwe timati tidzaikonza tsiku lina? Kalendala yawoyo imachita kumugwira munthu pa mkono. Mwezi wonse wa Elul, womwe umatsogola, m'masunagoge ambiri amaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa, m'mawa uliwonse wa pakati pa sabata, ndipo amawerenga Salimo 27. Kenako Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, kenako masiku 10 a kulapa, mpaka Yom Kippur. Onse pamodzi ndi masiku pafupifupi 40 akukumbutsidwa chinthu chimodzi. Munthu wouma mtima akhoza kuumabe, koma sanganene kuti anaiwala.

Liwu lenilenilo limandigwira mtima. Iwo amati teshuvah, kuchokera ku liwu lachihebri lotanthauza kubwerera. Ndi lomwe lili pa Hoseya 14, pamene mneneri akuitana Israyeli kuti abwerere kwa Yehova, ndipo ndime imeneyo amaiwerenga pa Sabata la pakati pa masiku 10 aja. Ife tikamati kulapa timaganiza misozi. Iwo amaganiza miyendo, munthu kutembenuka n'kuyenda ulendo wobwerera kumene anasochera.

Mnyamata wa ku Arava
Moni makolo anga nonse. Ine ndili kuno ku Israel, ndinabwera ndi gulu la achinyamata ogwira ntchito m'minda, ndili ku chigwa cha Arava kumene timalima tsabola. Zamalamulozo sindizidziwa ngati Aphunzitsi, koma tsikulo ndinaliona ndi maso. Dzuwa lisanalowe dziko lonse limangoti zii. Bwalo la ndege la Ben Gurion limatsekedwa, wailesi ndi TV za m'dzikomo zimasiya kuulutsa, mashopu onse otseka. Msewu waukulu wa 90, womwe masiku onse magalimoto opita ku Eilat sapumapo, unali mbee, ana akupalasa njinga pakati pa tala. Bwana wathu si munthu wopemphera, Sabata amayendetsa galimoto, koma tsiku limenelo anasala, osadya osamwa ngakhale dontho kwa maola pafupifupi 25, kutentha kwa kuchipululu kuno kuli choncho. Ndinaona anthu atavala zoyera, kumapazi nsapato zansalu kapena zapulasitiki. Nditafunsa anati zachikopa n'zoletsedwa tsiku limeneli, pamodzi ndi kusamba, kudzola mafuta ndi kukhalira pamodzi ngati banja. Kutada tinamva lipenga lija kamodzi, mokoka, ndiye kuti zatha. M'mawa mwake tinadzuka ndi phokoso la hamala, anthu ayamba kale kumanga zisakasa za chikondwerero cha Sukkot chomwe chimayamba patapita masiku 5.

Abambo a Tadala, Lilongwe
Zikomo mwanawe, uzidzisamalira kumeneko. Koma ndibwerere kwa Aphunzitsi ndi funso lomwe kwa ine ndi lalikulu. Levitiko 16 ndi nkhani ya magazi. Mkulu wa ansembe, ng'ombe yamphongo, mbuzi ziwiri, ina yophedwa, ina ya Azazele yopirikitsidwira kuchipululu. Ahebri 9:22 akuti popanda kukhetsa mwazi palibe chikhululukiro. Kachisi Aroma anagwetsa m'chaka cha 70. Nanga iwowa lero akukhululukidwa ndi chiyani? Sindikunyoza, ndikufunsa ngati Mkhristu.

Aphunzitsi, Zomba
Funso limeneli iwo anayamba kudzifunsa okha utsi wa Yerusalemu usanathe. Amasimba kuti Rabi Yohanan ben Zakkai ankatuluka mu mzindawo ndi wophunzira wake Rabi Yehoshua, yemwe ataona bwinja la kachisi anayamba kulira kuti malo otetezera machimo a Israyeli apita. Mphunzitsiyo anamutonthoza kuti tili nacho china chofanana nacho, ntchito zachifundo, n'kumuwerengera Hoseya 6:6, pamene Mulungu akuti akufuna chifundo osati nsembe. Amalozanso pemphero la Solomo pa 1 Mafumu 8, pomwe akupempha kuti anthu akadzatengedwa ukapolo kudziko lakutali, kopanda guwa, n'kubwerera ndi mtima wonse, Mulungu adzawakhululukire. Ndiye pali Yona, buku lomwe amaliwerenga lonse masana a Yom Kippur. Anthu a ku Nineve sanaphe mbuzi. Arabi amatsindika kuti pa Yona 3:10 sanalembe kuti Mulungu anaona ziguduli ndi kusala kwawo, analemba kuti anaona ntchito zawo, kuti anasiya njira yawo yoipa. M'mapemphero a masiku amenewa muli mzere womwe mpingo wonse umanena mokweza, woti kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka zimachotsa ukali wa chiweruzo.

Inu ndi ine timakhulupirira kuti nsembe ija inakwaniritsidwa pa mtanda, iwo sakhulupirira zimenezo, ndipo sindikufuna kuphimba kusiyanako ndi mawu okoma. Ndangofuna mumve kuti yankho lawo alinalo, ndipo analitenga m'mabuku omwe inu mumanyamula Lamulungu.

Abambo a Tadala, Lilongwe
Pa za mwazi ine ndikhala pomwe ndaima. Koma za Yonazo sindinkaziona choncho, ndikaziwerenganso usiku uno.

Amayi a Chisomo, Blantyre
Ine ndingokumbutsa kuti pa nkhani ya Anaphiriyi sitikusiyana nawo. Mateyu 5:23 ndi 24, ukafika ndi chopereka chako ku guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, pita kaye ukayanjane naye. Amene ananena zimenezi anali Myuda, akulankhula ndi Ayuda. Ife tinangosiya kuchita.

Anabanda, Chipata
Ndili ndi funso la mbali inayo, la wolakwiridwa. Pali mng'ono wanga, mwamuna wake amamumenya, m'mawa n'kugwada kulira kuti pepani. Kanayi tsopano. Kumpingo amamuuza kuti khululuka kasanu ndi kawiri kuchulukitsa makumi asanu ndi awiri, iye n'kubwerera. Kwathu timati pepani sapoletsa chilonda. Kodi chiphunzitso cha Ayudachi chimakakamiza munthu kukhululuka nthawi iliyonse wina wanena pepani?

Aphunzitsi, Zomba
Amayi, pepani kwambiri ndi za mng'ono wanuyo. Pano ndiyenera kutchula Maimonides, yemwe Ayuda amamutcha Rambam. Anabadwira ku Córdoba, ku Spain, anakhala dokotala ku Egypt, anamwalira mu 1204. M'buku lake lalikulu la malamulo, Mishneh Torah, muli gawo lonse la malamulo a kulapa. Iye akuti munthu wovomereza tchimo ndi pakamwa koma mumtima sanatsimikize kulisiya ali ngati wolowa m'dziwe lodziyeretsera atafumbata chokwawa chakufa m'manja. Madziwo angachuluke bwanji, sayera mpaka atachitaya. Ndipo Mishnah ija, pa malo omwewo ndatchula poyamba, ikuti wonena kuti ndichimwa kenako ndilapa, ndichimwa kenako ndilapa, sapatsidwa mpata wolapa.

Nanga kulapa kwathunthu n'kuti? Rambam akuti ndi pamene munthu wapezekanso pa malo omwe aja, mpata uli womwewo, mphamvu zochimwira akadali nazo, koma wakana, osati chifukwa cha mantha kapena kufooka. Ganizirani Yuda. Pa Genesis 37 ndi iye anati timugulitse Yosefe. Pa Genesis 44 zinthu zabwerera momwe zinalili, mwana wina wa Rakele, wokondedwa wa bambo awo, watsala pang'ono kukhala kapolo ku Ejipito, abale akhoza kungomusiya n'kumapita. Yuda akuti nditengeni ine, mnyamatayu abwerere kwa bambo ake. Mlamu wanuyo malo omwe aja wafikapo kanayi, ndipo kanayi konse wakweza dzanja. Pa muyeso umenewu sanayambe n'komwe.

N'zoona kuti Rambam akuti wolakwiridwa asakhale wankhanza pokana kukhululuka munthu amene wabwera moona mtima. Akuti wolakwayo akakanidwa abwerenso ndi anzake atatu, kachiwiri, kachitatu, ndipo akakanidwabe wamasuka. Koma zonsezi zimabwera atabweza kaye zomwe anawononga ndi kusiya khalidwelo. Mng'ono wanuyo ayambe wakhala pa malo otetezeka, ankhoswe adziwe, ndipo kumenya ndi mlandu wa kupolisi. Za kukhululuka zidzakambidwa iye ali ndi mano ake onse.

Anabanda, Chipata
Zikomo Aphunzitsi. Za chokwawa m'manjazo ndimutumizira momwe mwalemberamu.

Ambewe, Kasungu
Ndakhala ndikungowerenga kuyambira m'mawa. Ndalemba n'kufufuta katatu. Ndinene basi, poti ambiri simundidziwa nkhope. Mu 2016 mkulu wanga ali ku Joni anatumiza ndalama kwa ine kuti ndigule malata a nyumba yake kumudzi. Ine ndinaziika ku fodya, ndikuganiza kuti ndikagulitsa ndibweza iye asanadziwe. Fodyayo sanayende. Ndinamunamiza kuti amene ndinamutuma anathawa nazo. Anandikhulupirira, sanandikalipire n'komwe. Anamwalira mu 2019. Alamu anga ndi ana atatu mpaka lero ali m'nyumba yaudzu, dzinja lililonse amasuntha mphasa kuthawa kudontha. Ine ndinalapa pa msonkhano wachitsitsimutso, ndinapita kutsogolo, anandipempherera, ndipo ndakhala ndikudziuza kuti zinatha. Koma ndikapita kumudzi alamuwo akandipatsa madzi akumwa, sindiwayang'ana kumaso. Mwini wakeyo kulibe. Ndipepese ndani?

Amayi a Chisomo, Blantyre
Achimwene, mwalimba mtima kunena. Palibe akuponyereni mwala pano.

Aphunzitsi, Zomba
Ambewe, ndakhala kanthawi ndisanayankhe chifukwa nkhani yanu si yoyankha mothamanga. Rambam anailemba ndendende. Akuti ngati wolakwiridwayo wamwalira usanapepese, utenge anthu 10, upite nawo pa manda ake, unene pamaso pawo kuti ndinachimwira Yehova Mulungu wa Israyeli ndi munthu uyu, ndinamuchita chakutichakuti. Ndipo ngati pali ndalama, uzibweze kwa olowa m'malo ake. Onani kuti tchimolo liyenera kutchulidwa dzina, osati kungoti ndinalakwitsa zina ndi zina. Za kubwezazo zili m'Baibulo lanu lomwe, Levitiko 6:1 mpaka 7: munthu wonyenga mnzake pa chinthu chomwe anamusungitsa, n'kulumbira monama, abweze chonse, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo nkhosa ya nsembe ikutchulidwa pambuyo pa kubwezako. Kupita kutsogolo kuja sindikukupeputsa, Mulungu anakumvani. Koma denga la alamu anu silinamve.

Abambo a Tadala, Lilongwe
Za kubweza ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, Zakeyu anachita zomwezo. Koma za kumandazo tisamale. Mkhristu salankhula ndi akufa. Komanso kwathu kuno sungangotenga anthu 10 n'kulowa kumanda amfumu osadziwa, mudzi wonse ungadabwe.

Aphunzitsi, Zomba
Mwanena zoona pa za amfumu, ndipo sindikuti Ambewe atengere mwambo wa eni ake. Ndingowongola pang'ono: m'mawu amene Rambam analemba, wolapayo sakufunsira kwa wakufa, akuvomereza pamaso pa amoyo 10 aja. Bodza linanenedwa ndipo anthu analikhulupirira, ndiye choona chiyenera kumvedwa ndi makutu a anthu. Palinso munthu wina pa nkhaniyi yemwe sitinamutchule, uja ananamiziridwa kuti anathawa ndi ndalama. Ngati alipodi, nayenso ali ngati Anaphiri ndi chikwama chawo pa geti.

Ambewe, Kasungu
Alipo. Ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nafe, anali atapita kale ku Mozambique nthawi imeneyo, ndinadziwa kuti sangadziyankhire. Anabwerako chaka chatha. Zoti nayenso ndinamulakwira ndinali ndisanaziganizepo mpaka pano.

Mnyamata wa ku Arava
Ambewe, chinthu china chomwe mnzathu wa kuno anandifotokozera n'choti pa Yom Kippur povomereza machimo sanena kuti ndachimwa, amati tachimwa, tanyenga, taba, tanena zoipa, motsatira zilembo za afabeti yawo kuyambira choyamba mpaka chomaliza, aliyense akudziguguda pachifuwa pa liwu lililonse. Amene sanabe amanena nawo kuti taba, kuti wakubayo asaime yekha. Ndiye musadzione ngati muli nokha pa gulu pano.

Aphunzitsi, Zomba
Wanena bwino mwana wanga. Ndipo mu Talmud, buku lawo lina lalikulu la ziphunzitso za arabi, Rabi Abbahu anaphunzitsa kuti pamalo pomwe amaima anthu obwerera, ngakhale olungama kotheratu sangaimepo. Ambewe, mawu amenewa ndi anu mukadzamaliza ulendowu, osati musanauyambe.

Anaphiri, Johannesburg
Ndabweranso, anzanga. Nditawerenga zonsezi ndinaona kuti yankho langa la dzana silinali loona, ndinangoti zikomo chifukwa choopa ntchito. Lero m'mawa ana atapita kusukulu ndinawapempha adona kuti tikhale pansi. Ndinawauza za chikwama chija, kuti miyezi itatu ndakhala ndikuchitsegula pa geti. Sankadziwa chifukwa chake, ankaganiza kuti ndikufuna makiyi. Analira. Ndinawauzanso kuti chomwe chinandipweteka kwambiri si mawu awo, koma kamtsikana kawo kakang'ono, komwe ndinakalera kuyambira kali kumsana, kanayamba kubisa kabokosi kake ka ndalama ndikalowa kuchipinda. Madzulo ano tisanadye anaitana ana onse atatu ndi bambo awo, n'kunena pamaso panga kuti ndolo zija anazipeza m'jekete, kuti ine sindinatenge kanthu, kuti wolakwa ndi iwo. Pamenepo ndinawauza kuti ndakukhululukirani, ndipo ulendo uno zinachokera pansi pa mtima. Kamtsikanako sikanalankhule, kanangobwera kudzatsamira pa mwendo wanga.

Anabanda, Chipata
Achemwali, mwandiliritsa pa minibasi.

Ambewe, Kasungu
Ndawaimbira amalume usiku uno, ndawauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati mlandu suola, ubwere Loweruka, iwo aitana alamu ndi akuluakulu a banja, ndipo mnyamata ujanso amutumira uthenga. Ndikuopa, koma ndipita. Chomwe ndikufunsa, ndibweze ndalama zomwe ananditumizira zija ndi gawo lachisanu pamwamba, kapena bwanji?

Abambo a Tadala, Lilongwe
Ayi achimwene, musawerenge makwacha a 2016. Kwacha yagwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo, mu Novembala 2023 mokha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Ndalama zija lero sizingafolere ngakhale khitchini. Mkulu wanu anatumiza denga, mubweze denga. Anali malata angati?

Ambewe, Kasungu
Anali 30, a mafiti 10, ndi misomali yake.

Abambo a Tadala, Lilongwe
Ndiye ndi 36. Ngati simungathe onse pakamodzi, mukanene Lowerukalo pamaso pa amalume kuti muyamba ndi angati ndipo otsalawo afika liti, mvula isanayambe. Mawa ndikudutsa kumashopu a zomangira ku Area 2, ndikufunsirani mtengo ndikutumizirani kumbali.